Andrei Skabelka: Woseŵera ndi Mphunzitsi wa ku Belarus

M'nkhani yathu ya mbiri ya maseŵera lero tipita kutali, ku dziko la Belarus kum'maŵa kwa Ulaya, kuti timve za munthu mmodzi amene moyo wake wonse wakhala wa pabwalo la madzi oundana. Dzina lake ndi Andrei Skabelka.

Tisanaloŵe m'mbiri yake, nkofunika kuti tiyambe tadziŵa maseŵera amene tikunenaŵa. Maseŵera a hockey ya pa madzi oundana amachitikira pabwalo losalala ndi loterera kwambiri. Oseŵera amavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake, ndipo amatsetsereka nazo mwaliŵiro loposa la munthu wothamanga. M'manja amagwira ndodo yopindika kumapeto ngati ngoŵe, imene amamenyera kampira kaphanthi ka mphira wolimba. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi pabwalo, poŵerengera goloboyi, ndipo maseŵero amagaŵidwa m'zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse.

Skabelka adabadwa m'chaka cha 1971, pamene Belarus idali mbali ya dziko lalikulu la Soviet Union, ndipo adayamba kutchuka m'timu ya Dinamo Minsk. Pamene Soviet Union idagaŵikana m'chaka cha 1991, Belarus idakhala dziko loima palokha, koma pa maseŵera idayenera kuyambira pansi penipeni. Timu yake idaikidwa m'gulu la maiko ofooka, ndipo idachita kukwera pang'onopang'ono kufikira idaloŵa m'gulu la akatswiri m'chaka cha 1998. Anyamata ambiri a mbadwo umenewo adakafuna ntchito m'matimu a ku Russia. Skabelka, amene ankaseŵera kutsogolo, adapita ku Torpedo ya mumzinda wa Yaroslavl, timu imene idatenga ukatswiri wa dziko la Russia m'chaka cha 1997.

Tsiku limene anthu a ku Belarus saliiŵala ndi la 20 February 2002, pa maseŵera a Olimpiki a ku Salt Lake City, ku America. Belarus idali itagonja katatu motsatizana: kwa Russia ndi zigoli 6 kwa 4, kwa Finland 8 kwa 1, ndiponso kwa America 8 kwa 1. Tsopano idayenera kukumana ndi Sweden, imene idali itapambana maseŵero ake onse atatu, ngakhale Canada yomwe idaigonjetsa 5 kwa 2. Wogonja pa tsikuli adayenera kumanga katundu. Padalibe munthu amene ankaganiza kuti omangawo angakhale a Sweden.

Koma goloboyi wa Belarus, Andrei Mezin, adatchinga mipira 44. Patatsala mphindi ziŵiri ndi masekondi 24, zigoli zili 3 kwa 3, Vladimir Kopat adamenya kampira ali pamtunda wa mamita pafupifupi 20. Kampirako kadagunda chisoti cha goloboyi wa Sweden, Tommy Salo, kadanjanja, nkugwera kumbuyo kwake mpaka kuloŵa m'golo. Belarus idapambana 4 kwa 3. Pambuyo pake idagonja kwa Canada ndi kwa Russia nkukhala yachinayi, koma dzina idali italipanga kale. Skabelka adali mmodzi wa anyamata a m'timu imeneyo, ndipo adaona ndi maso ake kuti timu yonyozeka ikhoza kugwetsa chimphona.

Atasiya kuseŵera adasanduka mphunzitsi. Adayambira ku timu ya mumzinda wa Gomel, ndipo m'chaka cha 2012 adapatsidwa timu ya dziko lake. Ntchito yaikulu imene adamutuma idali yoti atengere Belarus ku Olimpiki ya ku Sochi ya 2014. Mpikisano wopezera malo udachitikira ku Vojens, m'dziko la Denmark, mu February 2013. Kumeneko Belarus idakumana ndi Slovenia, dziko la anthu pafupifupi 2 miliyoni, limene lidali lisanapiteko ku Olimpiki pa maseŵeraŵa. Slovenia idapambana 4 kwa 2, ndipo malo aja adapita kwa iyo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe. Zimene Sweden idaona mu 2002 zidamufika Skabelka patapita zaka 11. Chaka chomwecho adachoka pa udindowo, ndipo pamene Minsk idalandira mpikisano wa dziko lonse mu 2014, timu idali m'manja mwa Glen Hanlon wa ku Canada.

Munthu wina akadafooka, koma iye adakayambanso kwina. M'chaka cha 2014 adatenga timu ya Sibir ya ku Novosibirsk, imene imaseŵera mu ligi yaikulu yotchedwa KHL. Timuyi sidali m'gulu la matimu olemera, komabe m'chaka chake choyamba adaifikitsa pa ndime ya matimu anayi otsiriza, ndipo idalandira mendulo ya malo achitatu mu 2015. Mlendo adali atadza ndi kalumo kakuthwa. Mbiri imeneyi idachititsa kuti Avangard ya ku Omsk, timu ya chuma chambiri, imuitane mu 2017. Koma kumene kuli ndalama zambiri kuleza mtima kumachepa, ndipo adachotsedwa chaka chisanathe.

M'chaka cha 2018 adapita ku Kazakhstan kukaphunzitsa timu ya Barys pamodzi ndi timu ya dzikolo. Mu 2019, mumzinda wa Astana, umene nthaŵi imeneyo unkatchedwa Nur-Sultan, Kazakhstan idakhala yoyamba pa mpikisano wokwerera m'gulu la akatswiri. Yachiŵiri idali Belarus, dziko lake lomwe. Koma mu February 2020, mumzinda womwewo, pamaso pa ochemerera akwawo, Kazakhstan idagonja kwa Poland 3 kwa 2, ndipo njira ya ku Olimpiki ya ku Beijing idatsekeka. Aka kadali kachiŵiri kuti timu yake, imene ambiri ankayembekeza kuti ipambana, igwe m'manja mwa timu yaing'ono.

Chaka chomwecho adabwerera ku Yaroslavl, kumene timu yake yakale idali itasintha dzina nkukhala Lokomotiv. Iyi ndi timu imene idachita ngozi ya ndege pa 7 September 2011 ili pa ulendo wa ku Minsk. Mwa omwalira mudali Ruslan Salei, mnzake wa m'timu ya 2002. Skabelka adakhalako chaka chimodzi ndi miyezi yoŵerengeka, ndipo mu 2022 adabwereranso ku Barys.

Omvera, aphunzitsi a maseŵera amaŵeruzidwa ndi zigoli, ndipo nthaŵi zina ntchito ya chaka chathunthu imathera pa maseŵero amodzi. Skabelka adalaŵa mbali zonse ziŵiri za chowonadi chimenechi: ku Salt Lake City adali mwa osekerera, ku Vojens ndi ku Astana adali mwa oŵerama. Chimene chimamupatsa ulemu m'mbiri ya hockey ya ku Belarus nchakuti nthaŵi iliyonse akagwa, padapezeka timu ina yomukhulupirira, ndipo iye adavomera kuyambanso.