Fort Jameson: linga limene linatsegula njira ya kumigodi

Golide amene sanapezeke

Anthu ambiri a kum'mawa amene ali ku Kitwe ndi ku Ndola amati kwawo ndi ku Chipata. Dzina lakale la mzindawo linali Fort Jameson, ndipo mawu akuti "fort" amatanthauza linga la asilikali. Mfundo yanga ndi yakuti ulendo wa makolo athu wobwera kumigodi unayambira pa lingali. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka mfumu yawo Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anakhazikika m'mapiri a ku Chipata ndi ng'ombe zambirimbiri. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, ananena kuti Mpezeni wamulola kukumba miyala m'dzikolo. Chilolezocho chinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkakhulupirira kuti pansi pa midzi ya Angoni pali golide. Zoterezi zinawagweranso anthu a mtundu wa Sioux ku America: pangano la pa Fort Laramie la 1868 linaphwanyidwa golide atapezeka ku Black Hills mu 1874. Kwa Mpezeni golide wambiriyo sanapezeke, koma nkhondo inabwera ndithu.

Nkhondo ya 1898

Nsingo, mwana wa Mpezeni, anakana kuti alendo azifufuza dziko la bambo ake ngati lawo. Mu January 1898 asilikali anabwera kuchokera ku dziko limene lero ndi Malawi, atanyamula mfuti zachiwaya. Angoni anali ndi mikondo, zibonga ndi zishango zachikopa. Chikopa cha ng'ombe chimatchinga mkondo, koma chipolopolo chimangobowola. Midzi inatenthedwa, Nsingo anagwidwa ndi kuwomberedwa mu February, ndipo Mpezeni anatengedwa ukaidi ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, makola n'kutsala pululu. Mwambo wa Angoni wa Nc'wala unaleka mpaka 1980. Pakati pa dziko logonjetsedwalo azungu anamanga boma lawo la Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911.

Kodi linga linabweretsa mtendere?

Ena amati lingali linathandiza, chifukwa Angoni ankathira nkhondo Achewa ndi Ansenga, kuwalanda chakudya ndi anthu. Zimenezi n'zoona ndipo sitiyenera kuzibisa, pakuti nkhondozo zinathadi. Koma munthu wobwera kudzaleretsa ndewu satenga ng'ombe za omenyanawo n'kupita nazo kwake. Tiyang'ane zimene zinatsatira. Minda yachonde inapatsidwa kwa alimi achizungu. Msonkho wa nyumba unagwera aliyense, Mngoni, Mchewa ndi Mnsenga, ndipo boma linkafuna ndalama. Bambo amene khola lake linali lopanda kanthu akanagulitsa chiyani? Chinamutsalira ndi mphamvu za m'manja mwake basi. Choncho amuna ananyamula kamtolo ka ufa n'kuyenda wapansi kupita kumigodi ya ku Southern Rhodesia. Ndola itakhazikitsidwa ngati boma mu 1904, ndipo mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa kopa mu 1932, ana awo anatsata njira yomweyo ya ntchito n'kufika kuno ku Kitwe ndi ku Ndola.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, funsani akuluakulu a kwanu kuti woyamba kuchoka kumudzi anali ndani, nanga anachoka chifukwa chiyani. Mulembe dzina lake ndi dzanja lanu.