Wolembedwa ntchito kapena kontilakita: kusiyana kwa zoyenera kulandira ndi msonkho m'minda ya fodya kwa Kapelula

M'dera la Mfumu Yaikulu Kapelula, m'boma la Kasungu, ntchito ya fodya imagwiridwa ndi anthu a magulu awiri amene lamulo limawaona mosiyana. Ena ndi olembedwa ntchito pa esiteti. Ena ndi odziyimira paokha, monga mmisiri womanga zigafa kapena mwini lole yonyamula mabelo kupita ku okushoni ya Chinkhoma, amene amagwirizana mtengo wa ntchito imodzi n'kuchoka akamaliza.

Chimene chimaika munthu m'gulu lina si dzina lolembedwa pa pepala la mgwirizano. Lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000 limatenga ngati wolembedwa ntchito ngakhale munthu amene akutchedwa kontilakita, ngati chakudya chake chimadalira bwana mmodzi ndipo ali wokakamizika kugwira ntchito zimene bwanayo wamupatsa. Munthu amene amafika kumunda nthawi imene kapitawo wanena, kugwiritsa ntchito khasu ndi jeke za pa esiteti, n'kumasoka ndi kusankha fodya mpaka nyengo itatha, ndi wantchito, kaya alipidwa pa mwezi kapena pa mulingo wa ntchito. Nkhaniyi yakula kuyambira mu 2021, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli n'kuthetsa utenanti, ndondomeko imene banja lonse linkalima fodya wa mwini munda, kumalandira chimanga pangongole, n'kudikira malipiro mpaka fodya atagulitsidwa. Mwini esiteti amene wangosintha dzina la tenanti kukhala kontilakita, koma zonse zili monga kale, sanatsatire lamulo.

Wolembedwa ntchito sayenera kulandira ndalama zochepera malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza. Maola ake pa sabata ndi 48, ndipo owonjezera amalipidwa mwapadera. Amene amagwira masiku 6 pa sabata amakhala ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, amene amagwira masiku 5 amakhala ndi masiku 15. Akatha miyezi 12 pa ntchito, akadwala amalandira malipiro athunthu kwa masabata 4 ndi theka la malipiro kwa masabata ena 8. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata 8 cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Pa penshoni, olemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5 peresenti, kupatula magulu amene lamulo la penshoni linawapatula. Akavulala pa ntchito, mwachitsanzo chigafa chikamugwera, lamulo la Workers' Compensation Act limamupatsa chipukuta misozi.

Msonkho wa wolembedwa ntchito ndi wosavuta. Olemba ntchito amaudula pa malipiro kudzera mu PAYE n'kuupereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Gawo loyamba la malipiro silidulidwa msonkho, ndipo mlingo wake umasintha ndi bajeti ya boma, choncho ambiri olandira malipiro otsikitsitsa sadulidwa kanthu.

Kontilakita weniweni alibe tchuthi cholipidwa kapena penshoni yochokera kwa womupatsa ntchito. Chimene ali nacho ndi ufulu wogwirira ntchito anthu angapo, kudziikira mtengo, komanso kuchotsera ndalama zimene wawononga pa bizinesi asanawerengeredwe msonkho. Mwini lole akhoza kuchotsera mafuta, matayala, inshuwalansi, malipiro a dalaivala ndi kukonzetsa galimoto. Mtengo wogulira lole sauchotsera wonse chaka chimodzi, koma pang'onopang'ono monga lamulo la Taxation Act limalolera. Zowonongera pakhomo, monga fizi ya ana kapena malata a nyumba yogona, sizilowamo. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama, chifukwa chochotsera chilichonse chimafuna umboni, ndipo dizilo wogulidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu sabwera ndi lisiti.

Pa ntchito monga zomanga ndi zamtengatenga, wolipira kontilakita amayenera kudula msonkho wa withholding tax n'kumupatsa chikalata chosonyeza ndalama zimene zadulidwa. Kwa munthu wa bizinesi, ndalamazi kawirikawiri zimakhala chiphaso cha msonkho wa chaka chonse: zimachotsedwa pa msonkho umene MRA yawerengera, ndipo zikapyola akhoza kupempha kuti zibwezedwe. Izi zimatheka pokhapokha ngati ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN ndipo wapereka lipoti la ndalama zake za chaka. Wopanda TPIN amadulidwa koma alibe njira yozilondolera.

Mlimi amene wasainirana mgwirizano ndi kampani yogula fodya, n'kulandira feteleza ndi mbewu pangongole, si wantchito wa kampaniyo. Iye ndi wabizinesi, ndipo kwa anthu amene wawalemba m'munda mwake ndiye bwana amene ayenera kukwaniritsa zonse zanenedwa pamwambapa.

Madandaulo okhudza gulu limene munthu ali amayamba ku ofesi ya zantchito ya boma la Kasungu, ndipo akapanda kutha amapita ku khoti la Industrial Relations Court. Mafunso a msonkho amapita ku ofesi ya MRA.