Mpweya wa M'mimba: Magwero Ake ndi Kasamalidwe Kake

Nkhani ya mpweya wa m'mimba ambiri amachita nayo manyazi, chonsecho palibe munthu amene alibe mpweyawu. Munthu wamkulu wathanzi amautulutsa maulendo 10 mpaka 20 pa tsiku, ndipo zimenezi si matenda ayi. Woopsa ndi mpweya umene wakanika kutuluka.

Magwero ake

Gwero loyamba ndi mpweya umene timameza podya mothamanga, posuta fodya kapena pomwa zakumwa za thovu. Wambiri mwa umenewu umatuluka pogeya.

Gwero lachiwiri lili m'matumbo aakulu. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama, zomwe ndi ndiwo za masiku onse ku Kasinje ndi m'boma lonse la Ntcheu, zili ndi mtundu wina wa shuga umene matumbo aang'ono satha kugaya. Shugayu akafika m'matumbo aakulu, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'menemo timamusasitsa, monga momwe thobwa limasasira mumtsuko, ndipo mpweya umabadwa. Kabichi, anyezi ndi mbatata nazonso zimatero. Akuluakulu ena mkaka umawatupitsa mimba kaamba koti matupi awo sagaya bwino shuga wa mumkaka.

Kasamalidwe kake

Nyemba zisasiyidwe, pakuti zimamanga thupi pamene nyama ili yosowa. Chofunika n'kuzinyika m'madzi usiku wonse, kutaya madziwo, kenaka kuziphika m'madzi atsopano mpaka zitafewa ndithu. Amene sanazolowere ayambe pang'onopang'ono. Idyani mofatsa, tafunani bwino, ndipo yendaniko pang'ono mukatha kudya. Imwani madzi okwanira, poti kudzimbidwa kumasunga mpweya m'mimba.

Ngati mpweya wabwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba ndi kugeya konunkha ngati dzira lovunda, kawirikawiri gwero lake ndi tizilombo ta m'madzi osatetezedwa. Mankhwala ake alipo ku chipatala, ndipo madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Pamene sitiyenera kudikira

Mimba ikatupa ngati ng'oma, ikupweteka, munthu osatulutsa mpweya ngakhale chimbudzi, mwinanso akusanza, nkutheka kuti matumbo atsekeka kapena apiringizana. Vutoli si lachilendo m'Malawi muno, makamaka pakati pa abambo. Thumbo lopiringizana limasowa magazi ndipo limayamba kuwola, motero kuchedwa kumatayitsa moyo. Wodwala wotere asapatsidwe chakudya kapena mankhwala otsegula m'mimba, a m'sitolo ngakhale a zitsamba. Mumtengere msanga ku chipatala cha Kasinje kapena china chapafupi, kuti ngati pafunika opareshoni atumizidwe ku chipatala chachikulu nthawi ikadalipo.

Onaninso dokotala ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati chili chakuda ngati phula, kapena ngati munthu akuwonda popanda chifukwa. Inu amene mumayendera odwala m'midzi, musachite manyazi kufunsa ngati wodwalayo akutulutsa mpweya, pakuti yankho lake lingapulumutse moyo.