MSEU WA KUMPOTO: PHULA KAPENA NJANJI?

Usiku uno tikambe za mseu waukuru wocokera ku Kapiri Mposhi kudzera ku Mpika ndi Tunduma kufikira ku doko la Dar es Salaam, ndi za mkangano wa momwe anayenera kuukonzera.

Pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, mkuwa wace unali kuturuka pa njanji ya kum'mwera, yodutsa m'Rhodesia. Caka comweco akatswiri a World Bank anawerengera mtengo wa njanji yatsopano ya kumpoto, nanena kuti katundu wace sadzabweza ndarama zoimangira. Masamu ao anali osabvuta kumva: pali kale njanji yokwana kunyamula mkuwa wonse, nanga yaciwiri ya ciani?

Koma pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa cipanduko m'Rhodesia, ndipo posacedwa mafuta a galimoto analeka kufika kucokera kum'mwera. Petulo anayamba kugulitsidwa mwa muyeso. Ndege za Britain, America ndi Canada zinabweretsa mafuta kwa miyezi ingapo, koma pa mtengo woopsa. Cotsala cinali mseu wa kumpoto, wa dothi ndi miyala, wa mailosi oposa 1,000. Malole anapita ndi mkuwa nabwera ndi migolo ya mafuta. M'cilimwe pfumbi linatseka maso, m'dzinja matope anameza mateyala, ndipo oyendetsa ambiri anafera m'njira. Ndico cifukwa mseuwo anaucha Hell Run.

Tsono Boma linayenera kuyesa njira zitatu. Kusalaza dothi kunali kochipa, koma mseu wotere umatha msanga malole olemera akacuruka. Kuthira phula kunafuna ndarama zambiri, koma kunacepetsa masiku a ulendo ndi kuonongeka kwa malole. Njanji inali yodula koposa zonse, komabe sitima imodzi imasenza katundu wa malole makumimakumi.

Potsiriza sanasankhe cimodzi. Paipi ya mafuta inafika ku Ndola mu 1968, nicotsa migolo pa mseu. Phula linathiridwa ndi thandizo la World Bank ndi America. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa ndi ngongole yopanda ciongoladzanja ya ku China, kuyambira 1970 kufikira 1975.

Kodi akatswiri aja analakwa? Pa mbali ina ai, pakuti TAZARA sinanyamule konse katundu wonse amene anaipimira, ndipo yakhala ikubvutika ndi ndarama. Koma mu January 1973, Smith atatseka malire, cinaoneka cinthu cimene masamu ao sanawerengere: mtengo wa kukhala ndi khomo limodzi lokha, makiyi ace ali m'thumba la mdani. Dziko lopanda nyanja yamcere likamayesa mtengo wa mseu, liziyesanso mtengo wa tsiku limene njira ina idzatsekedwa.