Olonda a ku Roma

Ana inu ndi aphunzitsi, tamverani mbiri ya ulonda mumzinda wa Lusaka. M'zaka za chipani chimodzi cha UNIP, zimene zinatha ndi chisankho cha 1991, matcheyamani a chipani ndiwo anali kuweruza mikangano m'makomboni monga Ng'ombe. Ku Roma, pafupi pomwepo, anthu anamanga mipanda yaitali poopa akuba, koma mpandawo unabisanso mnansi. Chifukwa cha ichi, nzika zinayamba magulu olonda usiku mothandizana ndi apolisi. Langizo la makhansala ndi lamulo la dziko nlimodzi: wakuba akagwidwa aperekedwe kupolisi, asamenyedwe. Inunso dziwani anansi anu ndi maina awo, pakuti tsoka likagwa ndiwo ayamba kufika.