Za Zilumba za Likoma ndi Cizumulu

Ife a kuno ku Mwanza tidziwa kuti malire a dziko sanaikidwa ndi makolo athu, pakuti abale athu a ku Zobue akhala m'dziko lina. Pangano limene linatilekanitsa ndi iwo ndilo linaweruzanso mlandu wa zilumba ziwiri za m'nyanja, Likoma ndi Cizumulu.

Apwitikizi anati dziko la ku nyanja ndi lao, popeza anthu ao anayamba kale kuyendamo, monga Gaspar Bocarro amene anacoka ku Tete napita ku Kilwa m'caka ca 1616. Koma Angelezi sanabvomereza kuti wopita pa njira ndiye mwini munda. Iwo anachula Livingstone, amene anafika ku nyanja mu 1859, ndi amishoni a UMCA, amene anamanga pa Likoma mu 1885.

Tsono pa 11 June 1891 mitundu iwiriyi inapangana. Gombe la kum'mawa, loyang'anana ndi zilumbazo, linapatsidwa kwa Apwitikizi. Koma zilumba zinatsala kwa Angelezi cifukwa ca mishoni. Mu 1954 malire anasunthidwa kufika pakati pa nyanja, ndipo cifukwa cace lero zilumba za Malawi zizingidwa ndi madzi a Mozambique.

Tikumbukire cinthu cimodzi: mlanduwo unaweruzidwa ku Ulaya, ndipo Anyanja, eni ace a zilumba, sanakhala pa bwalo. Komabe kufikira lero aoloka kunka ku Cobue kwa abale ao, monga ife tipita ku Zobue.