Opaleshoni ya laser ndi mizere iwiri ya m'diso

Pali anthu amene amawerenga bwino kalata ili m'manja, koma nkhope ya munthu amene ali tsidya la msewu saizindikira. Ku cipatala vutoli amalichula kuti miopia. Nthawi zambiri limabwera cifukwa diso latalika pang'ono kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Diso la munthu wamkulu limakhala mamilimita pafupifupi 24. Likapitirira ngakhale ndi milimita imodzi, kuwala kocokera kutali kumakumana kusanafike kumbuyo kwa diso, ndiye zinthu zimaoneka mwa cimbuuzi.

Magalasi amathetsa vutoli bwinobwino. Koma ena amasankha opaleshoni ya laser kuti asiye kuvala magalasi.

Laser imacita ciyani?

Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu koonekera ngati galasi, kochedwa kornea. Kukhuthala kwake ndi theka cabe la milimita, koma ndi kamene kamagwira nchito yaikulu yopinda kuwala kolowa m'diso. Laser ndi kuwala kwamphamvu koyendetsedwa ndi kompyuta. Imapala pakati pa kornea kuti paphwatalale pang'ono. Kwa anthu ambiri, zimene imacotsa n'zopyapyala ngati tsitsi limodzi, mwinanso kuceperapo. Njira yochedwa PRK inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ina yodziwika kwambiri, LASIK, inayambitsidwa ca m'ma 1990, ndipo mmodzi wa oyambitsa anali dokotala wa ku Greece, Ioannis Pallikaris.

Tati laser imapala pakati. Koma kodi pakati pa diso ndi pati? Funsoli likuoneka lophweka, koma madokotala akhala akukambirana kwa zaka zambiri.

Yesani nokha

Tengani toci ya pafoni, muuze mnzanu ayang'ane kuwalako ali capatali pang'ono. Mudzaona kadontho kowala pa diso lake. Yang'anitsitsani. Kwa anthu ambiri kadonthoko sikakhala pakati penipeni pa mwanadiso, kabowo kakuda kaja. Kamapendekera pang'ono ku mbali ya mphuno.

Cifukwa cake n'cakuti m'diso muli mizere iwiri. Si mizere yoti mungaione, ndi yongoyerekezera. Woyamba umadutsa pakati pa mwanadiso. Waciwiri ndi mzere woonera: umacokera pa cinthu cimene mukuyang'ana n'kukafika pa kamalo kakang'ono kumbuyo kwa diso kochedwa fovea. Pamenepo ndi pamene timaonera zinthu bwino kwambiri, monga zilembo mukuwerengazi. Fovea sili pakati penipeni, ili pang'ono ku mbali ya khutu. Conco mizere iwiriyi imasiyana ndi madigiri owerengeka. Kusiyanaku madokotala amati kappa. Kwa anthu a miopia, kappa imakhala yaing'ono. Kwa amene amavutika kuona pafupi, kawirikawiri imakhala yokulirapo. Apa a miopia ali ndi mwayi, koma dokotala wosamala amayezabe diso lililonse palokha.

Laser ikaphonya malo

Opaleshoni sisuntha fovea, ndipo sifupikitsa diso. Imangosintha zenera la kutsogolo. Malo opalidwawo amakhala ozungulira, mamilimita 6 kapena kupitirira pang'ono m'mimba mwake. Pakati pake pakakhala pafupi ndi mzere woonera, kuwala kumafika pa fovea mwaukhondo. Pakaterereka kumbali, zimakhala ngati mtondo umene wosema anaboola capambali: musi umagunda, koma mphale siikonoka bwino. Kusiyana koposa theka la milimita kungayambe kusokoneza.

Masana munthu wotere mwina sangadandaule, cifukwa mwanadiso amakhala wamng'ono. Mavuto amaoneka usiku. Mumdima mwanadiso amakula, ndiye kuwala kumalowanso ca m'mphepete mwa malo opalidwa aja. Nyali za galimoto zimaoneka ndi nkhata zowala, kapena ndi mcira ngati wa nyenyezi yothamanga. Ena amaona cinthu cimodzi cili ndi mthunzi wake pambali, ngakhale atatseka diso linalo. Kwa dalaivala woyenda usiku, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ndipo magalasi wamba sathetsa bwino vuto lotereli. Nthawi zina pamafunika laser yaciwiri, ngati kornea yatsala yokhuthala mokwanira.

Diso nalo silikhala phee. Pakati pa mwanadiso pamasuntha pang'ono akamakula kapena kucepa. Munthu akagona cagada, diso limapotoloka pang'ono poyerekeza ndi mmene linalili atakhala pampando pomuyeza. N'cifukwa cake makina a masiku ano ali ndi kamera yolondola diso, ndipo amaima okha diso likasuntha kwambiri. Wodwalayo naye ali ndi nchito yake: kuyang'ana kanyali kothwanima kamene amuonetsa, osacotsapo diso. Potero amasonyeza makina pamene pali mzere wake woonera.

Zoti muuze dokotala

Laser siwongola diso loyang'ana kumbali, cifukwa limenelo ndi vuto la minofu yoyendetsa diso. Ngati munali nalo muli mwana, kapena munaonapo zinthu ziwiriziwiri, nenani asanayambe. Kwa ena magalasi ndi amene amathandiza maso kuyendera limodzi, ndipo akawasiya vuto lakale limabwerera.

Opaleshoniyi ndi ya anthu a zaka 18 kapena kuposa, amene mphamvu ya magalasi awo sinasinthe kwa caka cathunthu. Ikatha, sungani mapepala onse a miyezo ya maso anu. Mukadzakalamba n'kudwala ng'ala, dokotala adzafunika kusankha kagalasi koika m'diso. Pa diso lopalidwa ndi laser kuwerengera kwake n'kovuta, ndipo mapepala akale aja adzamuthandiza.